Kalavani yanga yatuwa komanso yang'aluka, ndingoipenta?

Uthenga uwu watumizidwa ndi mayi wina wa ku Makawa kuno ku Mangochi, ndaudula pang'ono:

"Ndili ndi kalavani yakale imene malemu bambo anga anagula kwa mzungu wina, akuti inachokera ku South Africa. Yakhala panja zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango. Pano yatuwa, ukaigwira m'manja mumatsala zoyera ngati ufa, ndipo kutsogolo ndi padenga pali timing'alu tambirimbiri, tina ngati ukonde wa kangaude. Ndikufuna ndiikonze ndiike pa puloti yanga kufupi ndi nyanja kuti alendo azigonamo. Mnyamata wina wopenta magalimoto wandiuza kuti angoimata fila nkuipopera penti basi. Kodi zitheka? Kapena ndi yotha ntchito ndingoiiwala?"

Mayi, choyamba mtima pansi, kalavani yanuyo sinathe. Zimene mwafotokozazi ndimaziona kawirikawiri pa maboti a faiba (fibreglass) a m'nyanja muno, ndipo zambiri mwa izo zimakhala za pakhungu chabe. Faiba yeniyeniyo siola, sichita dzimbiri, chiswe sichiidya. Koma za mnyamatayo ndikupempheni muyambe mwamuimitsa kaye, osati kuti ndi wachinyengo ayi, iye akuganiza mmene amachitira pa galimoto ya chitsulo, pamene faiba ili ndi khalidwe lake. Fila ndi penti pamwamba pa mng'alu umene simunaufufuze zimawala bwino miyezi ingapo, kenako mng'alu uja umatulukanso pamalo pomwepo, ndalama zapita.

Ndifotokoze kaye chimene chatuwacho. Popanga chinthu cha faiba amayamba kupaka mu chikombole kakhungu kopyapyala ka rezini (madzi onata amene akauma amalimba ngati pulasitiki) wosakaniza ndi mtundu, kamene timakatcha gel coat, kenako kumbuyo kwake nkumayala ulusi wa galasi wonyowetsedwa ndi rezini. Gel coat amakhala pafupifupi theka la milimita basi, ntchito yake ndi kutchinga dzuwa ndi madzi komanso kukongoletsa, mphamvu zonse zili mu faiba ya pansiyo. Ndiye dzuwa la kuno mukulidziwa, zaka zonsezi lakhala likuwotcha pamwamba pa gel coat mpaka wafumbutuka, ufa woyera umene ukutsala m'manja mwanuwo ndi iyeyo akusungunuka pang'onopang'ono. Onjezerani utomoni wa mango, zitosi za mbalame ndi za mileme, basi kutuwa kwake nkumeneko.

Musanagule chilichonse onetsetsani kaye kuti ndi mbali ziti zili za faiba. Makalavani ambiri a ku South Africa monga a Jurgens ndi Sprite m'mbali mwake amakhala a aluminiyamu wopentedwa, faiba imakhala kutsogolo, kumbuyo ndi denga lija limakwezedwa. Maginito sakuthandizani chifukwa zonse ziwiri sagwira. Tsegulani kabokosi ka kutsogolo koikamo silinda ya gasi muyang'ane mkati, mukaona khoma lokhakhala lokhala ndi tiulusi tooneka ndekuti ndi faiba. Aluminiyamu akagundidwa amapindika, faiba imathetheka. Ngati m'mbalimo ndi aluminiyamu, kumeneko wopenta uja ali ndi ntchito yake, zimene ndikunena apa ndi za mbali za faiba zokha.

Tsukani kalavani yonse ndi madzi ndi sopo wotsukira mbale, siponji yofewa, osati waya wokwechera mapoto chonde. Ikadali yonyowa imani patali muione. Ngati mtundu ukubwerera nkumawala pamene pali ponyowa, ukauma nkutuwanso, imeneyo ndi nkhani yabwino, gel coat akadalipo wokwanira ndipo safuna penti, akufuna kupukutidwa basi. Yesani kamalo kakang'ono ngati chikhatho ndi rubbing compound, amene apanelobita amagwiritsa ntchito uja. Pakawala pitirizani chonchi paliponse. Pakakanika yambani ndi sandipepa wa m'madzi wa 1000 kapena 1200, mopepuka, madzi asamaume, kenako 1500 kapena 2000, nkubwerera ku compound, pomaliza polishi ndi wakisi. Samalani kwambiri m'makona ndi m'mphepete chifukwa mmenemo gel coat amatha msanga, mukangoona timadontho takuda kapena tabulawuni tikuyamba kuonekera pansi pa zoyerazo siyani pompo, mwatsala pang'ono kufika pa faiba. Ndi mashini opukutira ntchito imachepa, koma osakhazikika pamalo amodzi, amawotcha.

Tsopano ming'alu, apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa nkhani yonse yagona apa. Ming'alu siifanana. Ili ngati ming'alu ya pakhoma la nyumba, wina umakhala wa pulasitala chabe, wina umachokera ku maziko, ndipo wa ku mazikowo olo muumate kangati umabweranso. Gel coat ndi wouma gwa, sapindika, pamene faiba ya pansi pake imapindika pang'ono, ndiye faibayo ikagwedezeka kwambiri gel coat amathetheka.

Ija ya ngati ukonde wa kangaude yochokera pakati nkumwazikira mbali zonse nthawi zambiri ndi pamene panagunda chinthu, kutsogolo imakhala miyala yothamangitsidwa ndi matayala a galimoto yokoka, padenga mwina mango kapena nthambi, kapena ana amakwerapo. Ina imakhala mizere yoyandikana yotsatana m'makona a mawindo, pafupi ndi zogwirira zokankhira kalavani, pozungulira masikuluu, imeneyo ndi ya kupindikapindika, pali china chake chikukoka kapena chalekera kumbuyo kwake. Ndiye pali ina yosaya yodzaza paliponse popanda dongosolo, makamaka padenga, imeneyo ndi ukalamba ndi dzuwa, kutentha masana kuzizira usiku zaka ndi zaka.

Muchite chonchi. Tengani pensulo kapena makala osinja mupake pamalo okayikitsa nkupukuta ndi kansalu, ming'alu yonse olo yobisika ioneka yakuda, muizungulize ndi cholembera cha maka kuti musaiwale. Kenako yendetsani chikhadabo, ngati sichikukodwa ndi mng'alu wa pamwamba, chikakodwa ndi wakuya ndipo madzi akulowa. Dinikizani ndi chikhatho pambali pake, mukaona mng'alu ukuyasama kapena malowo akubonyoka mofewa kusiyana ndi malo ena, faiba ya pansi yavulala. Pomaliza gogodani pang'onopang'ono ndi ndalama yachitsulo kapena chigwiriro cha sikuludiraiva kuyambira pamalo abwino kupita pa mng'alu, pabwino pamalira mowuma kuti ke ke ke, pamene faiba yalekana mkati pamalira mogonthera kuti du du. Khutu limazolowera msanga, mphindi zochepa muzimva nokha kusiyana kwake.

Ndipo musathere panja, lowani mkati. Chimene chimapha kalavani si kutuwa ayi, ndi madzi. Mkati mwa makoma ake muli timatabwa topyapyala ndi pulayiwudi, pansi naponso ndi pulayiwudi, madzi akalowa pa mng'alu kapena pa mphira za mawindo zinthu zimenezi zimaola mwakachetechete, ndiye kuno chiswe chikapeza thabwa lonyowa sichichedwa. Nunkhizani m'makabati, fungo la chuku lija silibisika. Yang'anani madontho abulawuni m'makona a denga, dinikizani khoma pansi pa windo lililonse ndi chala, yendani pansi ponse makamaka pakhomo ndi m'makona muone ngati pakunyenyeka. Mukapeza zofewa dziwani kuti ntchito yoyamba ndi ya kalipentala ndi kutseka polowera madzi, kukongoletsa kubwere pambuyo. Alendo anu akhululuka kalavani yotuwa koma osati kudontheredwa usiku wa mu January.

Tinene kuti mwapeza kuti ming'alu ndi ya gel coat yekha ndipo siyochuluka kwambiri. Imeneyo mutha kukonza nokha kapena ndi mwana wanu wa manja odekha. Zofunika ndi gel coat woyera, hadena yake yomuumitsa imene pabotolo amalemba MEKP, asetoni wopukutira mafuta, sandipepa, tepi ya apenti, jakisoni wopanda singano woyezera, tizikho ta pulasitiki ndi timitengo totakasira. Zimenezi zimapezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe m'masitolo a penti ya magalimoto ndi zipangizo za faiba, komanso amene amakonza maboti a faiba cha ku Monkey Bay akhoza kukugawirani pang'ono, chifukwa simufuna zambiri. Pogula funsani kuti anabwera liti, rezini ndi gel coat sakhalitsa, miyezi 6 ikadutsa makamaka mosungidwa motentha amayamba kulimba m'chitini, akakhala ndi zibuluma musatenge.

Pukutani malowo ndi asetoni musanayambe kupala, kuti muchotse mafuta ndi polishi wakale, apo ayi sandipepa amangozilowetsa mkati. Petulo kapena parafini ayi, zimasiya mafuta. Kenako mng'alu uja muukulitse dala. Anthu ambiri apa amachita mantha, amati ndikuononga, koma gel coat watsopano sangalowe mu kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, amangokhala pamwamba nkudzasupuka. Tengani kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo munole nsonga, kapena kona ya sikirepa, mukokere motsatira mng'alu mpaka pakhale kangalande kotambasuka kukamwa, kakuya mpaka muone faiba, ndipo mupitirire pang'ono kumapeto onse awiri chifukwa mng'alu umapita patali kuposa pamene maso akuonera. Yang'anani pansi pa kangalandeko. Faiba yabwino imaoneka yolimba, ya mtundu wa uchi kapena wobiriwira pang'ono, yovulala imakhala yoyera mbuu ndi tiulusi tonyenyeka. Mukaona chinyezi siyani paume masiku angapo pa mthunzi, kumata ponyowa nkungotaya zinthu. Pakauma palani m'mphepete ndi sandipepa wa 240, fumbi lichoke, asetoni kachiwiri, nkuzunguliza tepi.

Za mtundu ndineneretu kuti musadzakhumudwe. Choyera cha zaka 30 sichifanana ndi choyera cha m'chitini, chakalecho chimapita ku kirimu. Nchifukwa chake ndimati yambani mwapukuta kalavani kuti muone mtundu wake weniweni, kenako muthire kadontho ka pigimenti wachikasu kapena wabulawuni wopangidwira rezini, osati penti ya nyumba, ndipo muchite zimenezi musanathire hadena kuti mukhale ndi nthawi yoyerekeza, kupaka kadontho pambali, kuona, kupukuta ndi asetoni, kuonjezera. Kufananiratu nkovuta olo kwa ife okonza faiba, bola munthu ataima mamita awiri asaone chigamba.

Hadena ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri chifukwa amathira ndi maso. Muyeso wake ndi pakati pa 1 ndi 2 pa 100 iliyonse, kutanthauza kuti magalamu 100 a gel coat amafuna mamililita 1 mpaka 2, ndipo werengani zimene alemba pachitini chanu. Mukachepetsa kutsika pa 1 sauma bwino, amakhala wofewa mpaka kalekale, mukachulukitsa amatentha, amasintha mtundu nkukhala wosachedwa kuthetheka. Zinthu zimenezi zimagwira bwino kukakhala madigiri 18 mpaka 25, ndiye ganizani Mangochi mu October ndi November masana kupitirira 35, kapu imene ikanakupatsani mphindi 15 imagwirana muli chitakasire. Njira yake si kuchepetsa hadena mopyola, ndi kusakaniza pang'onopang'ono, masupuni awiri atatu basi nthawi imodzi, ndi kugwira ntchito m'mawa mame akangouma dzuwa lisanakwere, kalavani ili pa mthunzi, thupi lake likhale lozizira mukaligwira. Miyezi ya May mpaka August ndi yabwino kwambiri chifukwa kumazizira, vuto lake ndi mwera umene umabweretsa mchenga ndi fumbi, ndiye tchingani ndi lona kapena mphasa mbali imene mphepo ikuchokera. Usiku pa getsi osayerekeza, tizirombo ta kunyanja tonse tidzathera pa chigamba chanu.

Thirani gel coat mu kangalande kaja ndi kamtengo, kumukankhira mkati kuti musatsale mpweya, ndipo adzaze mpaka atumphuke pang'ono chifukwa akamauma amanyala. Pali chinthu china ogulitsa ambiri sanena. Gel coat wamba akakhudzana ndi mpweya pamwamba pake sauma, amakhala wonata olo padutse sabata, chifukwa anapangidwa kuti aziumira m'chikombole. Ndiye mwina mugule wokhala kale ndi wakisi amene amamutcha flowcoat kapena topcoat, apo ayi mukamata vindikirani ndi kapulasitiki kosalala koonekera, mukakanikize bwino ndi tepi kuti mpweya usalowe. Siyani mpaka mawa lake. Mukachotsa pulasitiki palani ndi sandipepa wa m'madzi wokulunga pa kathabwa kosalala, osati ndi zala chifukwa zala zimakumba maenje, kuyamba 400, kenako 600, 800, 1200, nkumaliza ndi compound ndi polishi. Kapaleni chigamba chokhacho, gel coat wakale wa m'mbaliyo ndi wopyapyala kale.

Pamene mwapeza faiba yoyera yonyenyeka kapena pobonyoka, gel coat yekha sathandiza. Pamafunika kupala zovulala zonse ndi sandipepa wa 80 mpaka mufike pa faiba yabwino, m'mphepete mopendekera motalika osati modula chiriri, ngati faibayo ndi yokhuthala mamilimita 3 kupendekako kutambalale masentimita 3 kapena 4 mbali zonse, kenako kuyala mati, nsalu ya ulusi wa galasi, ya 300 kapena 450 zigawo ziwiri zitatu ndi rezini, kugogoda ndi bulashi mpaka zoyera zonse zithe ndi thovu lituluke. Ngati mungathe kufikira kumbuyo kwake, monga mu kabokosi ka gasi kaja, kulimbitsira mkati ndi bwino kwambiri chifukwa kunja kumatsala ntchito yochepa. Ndipo funsani chimene chinapangitsa kuti papindike, ngati ndi thabwa la kumbuyo kwa chogwirira limene laola, lisinthidwe, apo ayi chaka chamawa tidzakambanso nkhani yomweyi. Wina akakuuzani za epoxy, rezini wa mtundu wina, ndi zoona ndi wolimba ndipo amagwira bwino pa faiba yakale, koma gel coat pamwamba pa epoxy sagwira modalirika, ndiye mukasankha epoxy mumalize ndi penti.

Nanga ngati denga lonse ndi ming'alu yokhayokha yosawerengeka? Pamenepo kukumba umodziumodzi simungamalize, ndipo mpamene penti ili ndi malo ake. Koma dongosolo lake ndi kupala gel coat wothethekayo kwambiri ndi 80 kapena 120 mpaka ming'alu itsale pang'ono kutha, kukonza malo ovulala ndi faiba, kupaka pulayima ya epoxy yokhuthala, kusalaza, kenako penti ya 2K, ija yosakaniza ndi hadena yake. Fila wa magalimoto akhale wa timaenje ting'onoting'ono basi pansi pa pulayima, amamwa madzi ndipo pamalo opindika amagwa. Gulosi wa m'nyumba musayese, amasupuka. Mtundu sankhani woyera kapena wowala, wakuda kapena wabuluu wokhwima padenga kuno mkati simungagonemo munthu, komanso faibayo imavutika ndi kutentha. Penti ya 2K ili ndi mankhwala oononga mapapo ikamapoperedwa, kamasiki ka nsalu sikatchinga kanthu, imeneyo ndi ntchito ya wopenta wokhala ndi zodzitetezera zoyenera, kutali ndi ana.

Pa mawindo, njanji za aluminiyamu ndi kachitseko ka padenga chonde musalole silikoni. Ndikudziwa ndi amene amapezeka pa hadiweya iliyonse pa Boma, koma pa dzuwa amasiya m'mphepete madzi nkumalowa pansi pake, ndipo pamene wakhudza penti kapena gel coat sizigwiranso mpaka mutapala kwambiri. Masulani chinthucho, chotsani zomatira zakale zonse, mubwezeretse ndi chomatira cha polyurethane monga Sikaflex, masikuluu adzimbiri musinthe.

Za chitetezo ndikunena ndi mtima wonse. Hadena ya MEKP imaoneka ngati madzi koma kadontho kamodzi m'diso kakhoza kuchititsa khungu. Valani magalasi otchinga ndi magulovesi, chidebe cha madzi oyera chikhale pambali, ikagwera m'maso tsukani ndi madzi ambiri mphindi 15 osasiya kenako thamangani kuchipatala. Musaiike mu botolo la zakumwa olo pang'ono, ndipo isungidwe pozizira potalikirana ndi ana. Asetoni ndi rezini zimayaka msanga, ndiye mbaula, fodya ndi silinda ya gasi zikhale kutali, silindayo muichotseretu musanayambe. Zotsala m'kapu zimatentha mpaka kufuka utsi, ziikeni panja pa mchenga ziume kenako mukataye kudzala, osati m'nyanja. Popala faiba valani malaya a manja aatali ndi masiki ya fumbi, mukamaliza sambani madzi ozizira osakwecha, kuyabwa kwake kumachepa.

Mvula ikakupezani musanayambe, matani ming'alu yakuya ndi tepi yolimba ndipo fundikani lona koma musiye mpata mphepo izidutsa pansi pake, lona yomata thupi imasunga chinyezi. Ndipo poti kalavaniyo izikhala malo amodzi pa puloti, ichotseni pansi pa mango, muimangire kashedi ka malata kapena ka udzu pamwamba, muikweze pa zitsulo kapena mabuloko kuti udzu ndi dothi zisakhudze pansi pake ndipo muziona msanga njira za chiswe. Wakisi kawiri kapena katatu pachaka ndi wokwanira.

Pali malo amene ndingakonde musachite nokha. Ngati denga lafwamphuka pakati nkumasunga madzi, ngati ming'alu ili pamene thupi limalumikizana ndi chasisi kapena pa mahinji a denga lokwezedwa, ngati pansi pafewa malo aakulu, kapena mng'alu wabooleza mpaka kuwala kukuonekera mkati, itanani munthu wa faiba adzaone ndi maso, makamaka wokonza maboti chifukwa iwo ntchito yawo ikalakwika madzi amawauza tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati mukufuna kuikoka pa msewu kupita ku pulotiko, wina ayambe waona matayala, mabering'i, mabuleki ndi chokokera, zakhala nthawi yaitali osayenda. Mapaipi a gasi ndi mawaya a magetsi nawonso aonedwe ndi odziwa mlendo asanagonemo.

Mmisiri akabwera mufunseni kuti mng'alu autani asanamate, hadena ayeza ndi chiyani, ndipo pomaliza apaka chiyani. Akayankha kuti aukumba kaye, ali ndi choyezera, ndipo akufuna aone mkati mwa kalavani asanatchule mtengo, mupatseni kamalo kamodzi kakumbuyo ayambe wakonza muone, mukakhutira ndiye mugwirizane za yonse. Mukatha kutsuka ndi kuzunguliza ming'alu ija ndi maka, jambulani zithunzi za pafupi ndi zina za mkati m'makona a denga munditumizire, ndikuuzani kuti iti ndi ya gel coat ndipo iti ikufuna faiba.